Tinthata ta m'maluwa tandithetsa nzeru

Moni nonse akuluakulu pagulu pano. Ndimaweta njuchi ku Nkhata Bay, ndipo mwezi uno ndapeza tinthata toyererako, tosafika milimita imodzi, tambirimbiri m'maluwa komanso pamsana pa njuchi zobwera ndi mungu. Poyamba mtima unandigunda poganiza kuti ndi Varroa, nthata yowononga njuchi, koma uja ndi wofiirira, wotambalala m'mbali, pomwe iti n'totalikirapo ndipo timathamanga kwambiri.

Ndatisunga m'kabotolo ka spiriti, ndatiyang'ana ndi galasi lokuza ka 10, ndafunsanso alangizi, koma osaphula kanthu. Ndinawerenga kuti nthata za mitundu ya Afrocypholaelaps ndi Neocypholaelaps, za banja la Ameroseiidae, zimadya mungu ndipo zimakwera njuchi kuti zikafike paduwa lina.

Kodi mitundu iwiriyi mumaisiyanitsa poona chiyani pa maikulosikopu? Nanga zingafooketse njuchi zanga? Chonde ndithandizeni.