Dripu ya Avastin: akuti imamana chotupa magazi, n'zoona?

Mlongo wa ku Joni:
Abale, ndithandizeni. Amayi anga aang'ono ali ndi khansa ya khomo la chiberekero ndipo yafalikira. Kuno ku Johannesburg adokotala awawonjezera dripu ina pa kemo (mankhwala opha maselo a khansa), dzina lake bevacizumab, ena amati Avastin. Akuti ntchito yake n'kumana chotupacho magazi. Ine sizikundilowa. Ndiye magazi awo sachepa m'thupi? Nanga bwanji anamwino akungokhalira kuwayeza BP ndi mkodzo ulendo uliwonse?

Namwino wopuma:
Pepani ndi matenda, achemwali. Chotupa chikafika mamilimita 1 kapena 2 sichingakulenso popanda mitsempha yakeyake yochibweretsera mpweya ndi chakudya. Ndiye chimatulutsa puloteni yotchedwa VEGF, imene imakopa mitsempha yapafupi kuti iphukire kwa icho, monga mizu imalondolera chinyontho. Dripuyo imagwira VEGF ija kuti isafike pamitsempha. Magazi a amayi anu sakuwapungula ayi, akungoletsa mitsempha yatsopano kumera.

Vuto n'lakuti mitsempha yabwinobwino ndi impso nazonso zimadalira VEGF. N'chifukwa chake BP imakwera, puloteni n'kumatuluka mumkodzo. Bala nalo limachedwa kupola, moti opaleshoni ikafunika amayamba aimitsa dripuyi masiku osachepera 28. Ngakhale kukazulitsa dzino, auzeni kaye adokotala. Akayamba kutaya magazi kapena m'mimba mukawapota kwambiri, musadikire tsiku la kiliniki, thamangani nawo.

Mphunzitsi wa bayoloje:
Ganizo lomana chotupa magazi anabwera nalo Judah Folkman, dokotala wa maopaleshoni ku Boston, mu 1971, ndipo anzake ambiri sanamukhulupirire. Avastin anadzavomerezedwa ku America mu 2004 pa khansa ya m'matumbo, ya khomo la chiberekero mu 2014. Koma tiziuzana zoona. Pa kafukufuku amene anachititsa kuti avomerezedwe, amayi olandira dripuyi pamodzi ndi kemo anakhala ndi moyo pafupifupi miyezi 17, a kemo yekha miyezi 13. Imatalikitsa masiku, siichiritsa, chifukwa chotupa chimadzapeza njira zina zokokera mitsempha. Pa khansa ya m'mawere, boma la America linachita kuchotsa chilolezo chake mu 2011 litaona kuti phindu silikuoneka.

Mlongo wa ku Joni:
Zikomo nonse. Za dzinozo mwanditsegula m'maso, chifukwa akhala akudandaula chibwano ndipo ndimati Loweruka ndiwaperekeze akalizule. Ndiyamba ndaimbira foni kuchipatala mawa m'mawa.