Injini yachiwiri pa boti la mbedza: ndiyofunikadi?

Wa ku Chia:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Boti ndi la matabwa, mamita 8, injini Yamaha Enduro 40 hp (hp ndi muyeso wa mphamvu ya injini), anthu anayi. Ntchito yake ndi mbedza: kampango kwakuya, komanso kukoka mbedza za mcheni boti likuyenda pang'onopang'ono, pakati pa Chia ndi mathiriro a Bua. Ena akuti ndigule kainjini ka 5 hp kokokera mbedza, kadzandithandizenso yaikulu ikafa. Ena akuti nkhafi ndi nangula n'zokwanira. Kodi yachiwiriyo ikufunikadi, ndipo ikhale yaikulu bwanji?

Makanika wa pagombe:
Achimwene, kukoka mbedza pakokha si chifukwa chogulira injini ina. N'zoona kuti 40 ya two-stroke, yomwe imayendera petulo wosakaniza ndi oyilo, siikonda kuyenda maola ambiri pa moto wotsika. Oyilo wa mu petulo sapsa yense, amamatirira pa pulagi mpaka kuda bii, injini n'kuyamba kutsokomola, kenako zii. Koma zimenezi zili ndi mankhwala otchipa. Sakanizani 50:1 moyeza, ndiye kuti theka la lita ya oyilo wa injini za panyanja pa malita 25 a petulo, osati kuthira mwa maso. Pakatha theka la ola lililonse kwezani mbedza, mupatse moto kwa mphindi ziwiri kuti pulagi iyere. Boti likamathamangabe kuposa munthu woyenda pansi, mangani ndowa mbali zonse ziwiri muzizikoka m'madzi.

Chogulira chenicheni ndi mwera. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, yaikulu ikazima muli kutali, boti limagona chammbali, mafunde n'kumalowa, kwinaku likukankhidwira cha ku Dwangwa. Boti la mamita 8 lodzaza madzi simungalipalase molimbana ndi mphepo imeneyo. Ka 5 hp nako pulopela yake ndi yaing'ono, kamangolira boti lili pomwepo. Musatsike pa 8 hp, ndipo ine ndikanati 15, chifukwa zipangizo zake sizisowa ndipo makanika aliyense wa m'mbali mwa nyanja amaidziwa.

Madala wa ku Senga Bay:
A makanika anena bwino, koma 15 imalemera pafupifupi makilo 40, pomwe 40 ija yadutsa kale 70. Zonsezo pa thabwa limodzi lakumbuyo, kuphatikiza woyendetsa ndi mathanki. Kumbuyo kukamira, funde lochokera kumbuyo limalowa mosavuta, ndiye mwadzigulira ngozi ina.

Komanso tiyang'ane zimene zimazimitsa injini kawirikawiri: pulagi yakuda, madzi mu petulo wa m'zigubu, chingwe cholizira kuduka, kapena ukonde wa wina kukulunga pulopela. Zonsezi zimatheka panyanja pomwepo. Mukhale ndi kachitini kotseka bwino momwe muli mapulagi awiri atsopano, sipanala yake, pulayala, sikuludilaiva, chingwe cholizira, ndi pini ya pulopela. Nangula akhale ndi chingwe chotalika katatu kuya kwa malo amene mumaweza, chomangidwa kutsogolo kuti boti liziyang'ana mafunde. Ngati mumaweza gombe likuoneka, pali maboti ena pafupi, ndipo foni ikugwira, ndalamayo ikani pa sevisi ya yaikuluyo ndi majekete oyandamitsa. Koma ngati mumapita kwakuya nokhanokha, kumene nangula safika pansi, gulani.

Wokhoma maboti:
Mukagula, zolakwika zambiri zili pa kamangidwe. Yezani thabwa lakumbuyo kuchokera pamwamba mpaka pansi pa boti: masentimita 38 ndi injini ya mwendo waufupi, 51 ndi ya wautali. Pa nyanja yathu tengani wautali, chifukwa yaing'onoyo imakhala chammbali, ndipo boti likamadumpha pulopela imatuluka m'madzi, injini n'kumakuwa pachabe osakoka madzi oziziritsira. Impela, kalabala kopopa madziwo, imapsa m'kanthawi kochepa ikayenda youma. Limbitsani pomangirapo ndi thabwa la mlombwa ndi mabawuti odutsa mbali zonse, osati misomali. Pindani yaikulu mpaka kumapeto uku ndi uku, muone ngati zikugundana. Kenako yaing'onoyo imangeni ndi tcheni ndi loko, chifukwa zomangira zimamasuka ndi kunjenjemera, ndiponso injini yonyamulika pa phewa akuba amaikonda.

Chimene ambiri amaphonya: ikhale ndi thanki yake, paipi yake, ndi petulo wa m'chigubu china. Zikamamwa thanki imodzi, madzi amene apha yaikulu aphanso yaing'ono. Muziilizanso m'mawa uliwonse musananyamuke, apo ayi petulo amauma mu kabureta n'kutseka timabowo, tsiku loifuna n'kukana.

Wa ku Chia:
Zikomo akuluakulu. Kwakuya timapita tokha, ndiye ndasankha 15. Nanga yogwirapo kale ntchito ndiyang'ane chiyani?

Makanika wa pagombe:
Ifikireni ili yozizira, ilire musanakoke kanayi. Muiyese m'madzi, muone kamadzi kotuluka kumbuyo kakuthamanga mwamphamvu. Masulani sikuluu ya pansi pa giya: oyilo akatuluka wotuwa ngati mkaka, silo, kalabala kotchinga madzi kuti asalowe mu giya, yatha, ndipo kawirikawiri imadulidwa ndi ulusi wa mbedza wokulungika kuseri kwa pulopela. Inunso okoka mbedza, muzichotsa pulopela mwezi ndi mwezi kuti muchotse ulusiwo. Impela sinthani tsiku logula lomwelo, kaya wogulitsa akulumbira kuti ndi yatsopano.