Kodi achinyamata a ku Britain akuthawadi ntchito pogwiritsa ntchito mafomu a ulumali?

Malume58:

Abale, ndithandizeni kumvetsa nkhani iyi. Manyuzipepala a ku Britain akhala akulemba kuti achinyamata ambiri akulandira ndalama za ulumali m'malo mogwira ntchito, ndipo ambiri mwa iwo akuti vuto lawo ndi nkhawa, kuvutika maganizo kapena ADHD, vuto lolephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Mu Epulo 2024, Rishi Sunak ali nduna yaikulu, anadandaula kuti anthu azolowera kukatenga kalata kwa dokotala kuti asapite kuntchito. Akuluakulu ambiri akugwirizana naye. Akuti m'badwo wawo unkadzuka msana ukupweteka koma n'kupitabe kukagwira ntchito, pamene ana a masiku ano bwana akangowakalipira, mawa lake ali kwa dokotala. Ndiye ndifunse: ndalama zimenezi munthu amazipeza bwanji kwenikweni? Angangonena kuti ali ndi nkhawa basi n'kuyamba kulandira? Ndipo ngati si ulesi, chikukweza chiwerengerochi n'chiyani?

MlangiziWaMafomu:

Malume, mkanganowu umakula chifukwa anthu amasakaniza ndalama za mitundu iwiri.

Yoyamba ndi Personal Independence Payment, yomwe aliyense amangoti PIP. Inayamba mu 2013. PIP sifunsa ngati munthu ali pantchito kapena ayi, sifunsanso kuti ali ndi ndalama zingati kubanki. Cholinga chake n'kuthandiza pa zinthu zimene wolumala amawonongerapo ndalama zambiri kuposa anzake. Munthu atha kumagwira ntchito sabata yonse n'kumalandirabe PIP, palibe lamulo limene waphwanya. Yachiwiri ndi gawo la zaumoyo la Universal Credit, ndalama imene boma limapereka kwa osowa ntchito ndi opeza zochepa, ndipo imeneyi ndiyo imakhudza funso lakuti kodi munthuyu angathe kugwira ntchito. Mayeso ake ndi ena, fomu yakenso ndi ina.

Tsono pa PIP dzina la matenda silipatsa munthu kalikonse. Amayang'ana zimene matendawo amakulepheretsa. Pali zinthu 10 za tsiku ndi tsiku: kuphika, kudya, kumwa mankhwala, kusamba, kupita kuchimbudzi, kuvala, kulankhula, kuwerenga, kucheza ndi anthu pamaso m'pamaso, ndi kusamala ndalama. Palinso zinthu 2 za kayendedwe: kukonza ulendo n'kuutsatira, ndi kuyenda kwenikweniko ndi miyendo. Chilichonse chili ndi mapointi ake. Ukapeza 8 pa gawo limodzi umalandira mlingo wamba, ukapeza 12 umalandira wapamwamba. M'chaka cha 2025/26 gawo la tsiku ndi tsiku linali £73.90 kapena £110.40 pa sabata, la kayendedwe £29.20 kapena £77.05.

Titenge mnyamata wovutika maganizo kwambiri. Ngati saphika pokhapokha wina amukumbutse ndi kumulimbikitsa, ndi mapointi 2. Kusamba chimodzimodzi, 2. Kuvala, 2. Kucheza ndi anthu, 2 ngati akufunika kulimbikitsidwa chabe, 4 ngati akufunika munthu wodziwa kumuthandiza, 8 ngati sangathe n'komwe chifukwa cha mantha osaneneka. Ndiye tiwiritiwiri tinayi tafika pa 8. Koma kuti tiwiri timeneti tiwerengedwe, vutolo liyenera kukhalapo pa masiku oposa theka la masiku a chaka, liyenera kuti lakhalapo kale miyezi 3, ndiponso kuti likuyembekezeka kupitirira miyezi 9 ina. Kukhumudwa kwa sabata ziwiri chifukwa cha bwana sikufika pamenepo.

Njira yake ndi iyi. Umayamba ndi kuimba foni ku DWP, unduna woona za ntchito ndi mapenshoni. Amakutumizira fomu yaitali yofotokoza mmene ulumali umakukhudzira, ndipo uli ndi mwezi umodzi kuti uibweze. Kenako nesi kapena katswiri wina wa zaumoyo wolembedwa ndi kampani imene boma lachita nayo mgwirizano amakufunsa mafunso, n'kulemba lipoti. Wogamula si iyeyo ayi, ndi ofesala wa DWP amene mwina sanakuonepo. Ambiri amakanidwa pamenepa. Za chinyengo, DWP yomweyo itawerengera za m'zaka za 2023/24 ndi 2024/25 inapeza kuti pa PIP ndalama zobedwa mwachinyengo sizinafike ngakhale 1 peresenti. Dziwaninso kuti ku Scotland PIP inalowedwa m'malo ndi Adult Disability Payment, yomwe imayendetsedwa ndi boma la komweko.

WaZiwerengero:

Ine ndiyankhe mbali ya "m'badwo wathu unkapirira", chifukwa mbiri ya dziko lomwelo siikuvomereza kwenikweni.

M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 migodi ya malasha ndi mafakitale a zitsulo atatsekedwa ku South Wales, kumpoto kwa England ndi ku Scotland, amuna ambirimbiri a zaka za m'ma 40 ndi 50 sanalembedwe ngati osowa ntchito. Analowa pa Invalidity Benefit, yomwe mu 1995 inasanduka Incapacity Benefit. Christina Beatty ndi Steve Fothergill a ku Sheffield Hallam University anatha zaka zambiri akufufuza zimenezi, ndipo anazitcha ulova wobisika. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, olandira ndalama zamtunduwu anali oposa 2.5 miliyoni. Anthuwo sankanama. Misana inali yowonongekadi, mapapo odzaza fumbi. Koma mgodi ukanakhala wotsegula ambiri akanapitirizabe kulowa pansi ndi msana womwewo. Ntchito itachoka, matenda aja anakhala khomo lokhalo lotseguka. Amuna amenewo ndi a m'badwo womwe lero ukuloza chala adzukulu.

Chasintha ndi mtundu wa matenda ndi msinkhu wa odwala. Kale anali msana ndi mtima kwa achikulire, lero ndi maganizo kwa achinyamata. Zifukwa zingapo n'zodziwika. Matenda ambiri a maganizo amayamba munthu asanakwane zaka 25, ndiye n'zosadabwitsa kuti amaonekera pa msinkhu umenewu. ADHD ya akuluakulu inalowa m'malangizo a NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala, mu 2008. Kale ankaiona ngati ya ana okhaokha, ndipo mwana wotero ankangotchedwa wosamva kapena mbuli. Tanthauzo la autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lokhudza kulankhulana ndi kucheza ndi ena, nalonso lakula kuposa mmene linalili m'ma 1980. Ndiye ena mwa "odwala atsopano" ndi anthu amene analipo kale koma opanda dzina. Onjezani mliri wa Covid umene unatseka masukulu mu 2020 ndi 2021, ndi mizere yaitali yodikira chithandizo ku zipatala za boma za NHS, kumene munthu amatha kudikira zaka kuti angoyezedwa ADHD kapena autism.

Pali ndi nkhani ya ndalama imene anthu sakonda kuitchula. Mu 2025/26 wosakwatira wosafika zaka 25 ankalandira £316.98 pa mwezi pa Universal Credit, ndipo ankayenera kuonetsa kuti akufunafuna ntchito, apo ayi amudula. Akapezeka kuti sangathe kugwira ntchito kapena kukonzekera ntchito, ankawonjezeredwa £423.27 ndipo zomufunsafunsa zinkatha. Kusiyana kotereku kumakankhira aliyense wodwala pang'ono kuti ayese khomo lachiwirilo, kaya ndi wa zaka 22 kapena 58. Chiwerengero chonse cha osagwira ntchito chifukwa cha matenda okhalitsa chinafika pafupifupi 2.8 miliyoni mu 2023 ndi 2024, ndipo gulu lalikulu mmenemo ndi la zaka 50 mpaka 64, osati achinyamata.

NesiWopuma:

Anzanga mwafotokoza bwino, koma musawachotse akuluakulu m'bwalo ngati kuti alibe mfundo. Kumapeto kwa 2024 achinyamata a zaka 16 mpaka 24 amene sanali pasukulu, pantchito kapena pa maphunziro a ntchito anali pafupifupi 1 miliyoni. Limenelo ndi vuto, kaya tiwatche alesi kaya odwala. Munthu akakhala kunja kwa ntchito nthawi yaitali, kubwerera kumavuta kwambiri, ndipo kwa amene sanayambe n'komwe ndiye kumaposa. Pa matenda a nkhawa, kupewa chinthu chimene ukuchiopa kumakulitsa mantha omwewo. N'chifukwa chake chithandizo chake chimakhala kumuzoloweza munthu pang'onopang'ono, osati kumutsekera m'chipinda. Kalata yoti apume miyezi 6 popanda chithandizo china ili ngati kumanga bandeji pachilonda chosatsuka.

Vuto lina ndi lakuti kuyambira 2020 mafunso ambiri a PIP amachitika pa foni, ndipo pa intaneti padzaza anthu ophunzitsa anzawo mawu oti anene. Ena amathandizadi, chifukwa fomuyo ndi yovuta. Koma zimachititsa mnyamata kumadziyang'ana tsiku ndi tsiku ndi diso lofufuza zimene sangathe, ndipo zimenezi zimamulowerera.

Chimene akuluakulu amaphonya n'chakuti kukalipa sikubweza munthu kuntchito. Zimene zimathandiza zilipo, koma ambiri sazidziwa. Masiku 7 oyamba munthu amadzinenera yekha kuti akudwala. Akapitirira pamafunika kalata, ndipo kuyambira Julayi 2022 anesi, akatswiri a mankhwala ndi a mafizo nawonso amaloledwa kuilemba. Pa kalatayo pali mabokosi awiri: lina loti sangagwire ntchito, lina loti angagwire ngati zina zitasinthidwa. Lachiwirili ndi limene limaiwalika. Limalola kubwerera pang'onopang'ono, mwachitsanzo masiku awiri sabata yoyamba, atatu yachiwiri, kapena kusintha maola, kapena kuchotsa kaye mbali ya ntchito imene ikumupweteka.

Lamulo la Equality Act la 2010 limalamula olemba ntchito kusintha zinthu moyenera kwa munthu amene vuto lake ndi lalikulu ndipo latha kapena litha miyezi 12. Nthawi zambiri zosinthazo n'zazing'ono: malangizo olembedwa m'malo mwa apakamwa, tebulo la pamalo opanda phokoso, nthawi yokaonana ndi dokotala. Palinso Access to Work, thumba la boma lolipira zipangizo, mayendedwe kapena womuthandiza kuntchito, ngakhale kuti yankho lake limachedwa miyezi. Ndipo pa Universal Credit ukayamba kulandira malipiro sakudula zonse. Amachotsa 55p pa £1 iliyonse, ndipo amene anapezeka ndi vuto la thanzi amakhala ndi ndalama ina yoyambirira imene siikhudzidwa konse. Chimene chimawaopsa ambiri si masamu amenewa ayi. Amaopa kuti akayesa ntchito n'kulephera, adzaitanidwa kukayezedwanso n'kutaya zonse.

Malume58:

Zikomo nonse, mayi NesiWopuma mwandilankhulira pang'ono. Nanga boma lachitapo chiyani? Komanso a MlangiziWaMafomu, mwati ambiri amakanidwa. Okanidwawo ndiye onama aja, kapena?

MlangiziWaMafomu:

Ayi malume. Wokanidwa amapempha DWP kuti ionenso chigamulo, pasanathe mwezi umodzi. Pamenepa zosintha zimakhala zochepa. Akakanidwanso amachita apilo ku bwalo loima palokha, kumene kumakhala woweruza, dokotala ndi munthu wodziwa za ulumali. Pa milandu ya PIP yofika kumeneko, pafupifupi iwiri mwa itatu imakomera wodandaula, kawirikawiri pa umboni womwe uja kuphatikiza zimene munthuyo wanena ndi pakamwa pake.

Cholakwika chachikulu pa fomu si kukokomeza, koma kuchepetsa. Munthu amalemba kuti "ndimatha kuphika" chifukwa anaphikapo Lachiwiri lapitali. Lamulo limafunsa zinthu zinayi: kodi umatha popanda ngozi, mwa mlingo wovomerezeka, mobwerezabwereza monga zikufunikira, komanso pa nthawi yosapitirira kuwirikiza kawiri nthawi ya munthu wopanda vutolo? Chimodzi chikasowa, yankho ndi lakuti sutha. Wa khunyu amaphika bwinobwino, koma akhoza kugwera pa mphika wowira, ndiye amafunika womuyang'anira, mapointi 4. Ndipo amene amagwa kwambiri mumsampha wochepetsawu ndi achikulire omwewo, chifukwa anakula akuphunzitsidwa kuti kudandaula n'kochititsa manyazi. Cholakwika china ndi kutumiza kalata ya dokotala yongotchula dzina la matenda. Yothandiza ndi yofotokoza zimene munthuyo amalephera, kangati pa sabata, ndi amene amamuthandiza. Kabuku kolembamo zochitika za tsiku ndi tsiku kwa sabata imodzi kapena ziwiri kamathandizanso.

Za boma: mu Malichi 2025 Liz Kendall, yemwe panthawiyo anali nduna ya DWP, anabweretsa ganizo loti munthu azipeza mapointi osachepera 4 pa chinthu chimodzi cha tsiku ndi tsiku kuti alandire gawolo. Mnyamata wa tiwiritiwiri tinayi uja akanagwa, koma akanagwanso mayi wa zaka 60 wa nyamakazi amene amagwiritsa ntchito zipangizo posamba, povala, pophika ndi kuchimbudzi, popeza zipangizo nazo zimapereka tiwiritiwiri. Aphungu ambiri a Labour, chipani cha boma lomwelo, anakana, ndipo mu Julayi 2025 ganizolo linachotsedwa mu bilu, nkhani ya mayeso a PIP n'kuperekedwa kwa Stephen Timms, yemwe panthawiyo anali nduna yoona za olumala, kuti aiunikenso. Chimene chinadutsa ndi kudula pafupifupi theka la ndalama ya zaumoyo ya Universal Credit kwa olembetsa atsopano ambiri kuyambira Epulo 2026, n'kukweza pang'ono ndalama wamba imene aliyense amalandira.