Wind chill ya -19 mawa: titseke kapena tichedwetse ndi maola awiri?

Wa ku ofesi ya mabasi: Anzanga a kumasukulu kuno kumpoto kwa Indiana ku America, thandizeni msanga. Mawa 6 koloko akuti 0°F, mphepo 15 mph, nthawi zina kukuntha mpaka 30. Abwana akufuna yankho isanakwane 4:30 m'mawa ndipo mtima wawo uli pa kuchedwetsa ndi maola awiri chifukwa masiku 180 a sukulu amene lamulo limafuna pachaka tawadya kale. Pepala la malamulo athu langoti "kuzizira koopsa", nambala palibe. Ndiwerengere 15 kapena 30? Ndatopa nazo.

Mphunzitsi wa sayansi: Werengerani 15, achimwene. Tchati cha wind chill (kuzizira kumene khungu limamva mphepo ikamawomba) cha National Weather Service, bungwe la boma loona zanyengo, chija anachikonzanso mu 2001, chimayendera mphepo yokhazikika, osati yokuntha modzidzimutsa. 0°F ndi 15 mph ndi -19°F, kapena -28°C kwa ife ozolowera za kwathu, ndipo khungu losafunda limayamba kuuma ndi chisanu pa mphindi 30. Mukaika 30 mph mupeza -26. Nambala yachiwiriyi musaitaye, ndi ya mwana woima pamtetete, kuminda kopanda mtengo kapena nyumba yotchinga.

Makanika: Ine zanu za wind chill sindilowamo. Injini simva wind chill. Chitsulo sichizizira kuposa mpweya wochizungulira, mphepo imangochifulumizitsa kufika pamenepo. Funso ndi 0°F uja. Pamenepo dizilo wamba wa No. 2 wosasakaniza amachita phula n'kutseka fyuluta. Basi imalira bwinobwino pa yadi, ikayenda pang'ono n'kuzima. M'matanki muli chiyani?

Wa ku ofesi ya mabasi: Wosakaniza ndi No. 1, uja wosachita phula msanga, koma mabasi ena anathira kale asanabweretse watsopanoyo.

Makanika: Ndiye vuto lanu ndi limenelo. Mankhwala oletsa phula thirani lero dizilo asanaundane, mawa sathandizanso. Ma block heater, zotenthetsera injini zija za magetsi, alumikizidwe usiku uno, ndipo wina ayende basi ndi basi kuona ngati magetsi akufikadi, breaker imodzi ikagwa mzere wonse umagona wozizira. Khetsani madzi m'matanki a mpweya, apo ayi aundana m'mapaipi mabuleki n'kukana kumasuka. Mabatire ofooka achotseni. DEF, madzi aja ochepetsa utsi woipa, imaundana pa 12°F koma iyo musade nayo nkhawa, thanki yake ili ndi chotenthetsera.

Namwino wa pasukulu: Bambo, zainjinizo zamveka, koma amene tikumuteteza ndi mwana. Mphindi 30 zija musaziyese zambiri. Mwana amatuluka m'nyumba mphindi 10 basi isanafike, basi ikachedwa ndi 20 zakwana. Ana akuluakulu a ku high school ndiye savala n'chipewa chomwe. Makutu, mphuno, masaya ndi zala ndizo zimayamba. Uzani madalaivala kuti pa khungu lakuda ngati lathuli malo ouma ndi chisanuwo saoneka oyera monga zilili pa zithunzi, amatuwa, kuchita dzanzi ndi kulimba. Osatikita, osaika pa heater. Madzi ofunda chabe, ndipo ngati dzanzi silikutha, kuchipatala.

Makanika: Mwandinenera nokha, mayi. Basi ichedwa chifukwa chiyani? Dizilo. Mabasi onse akadzuka pa nthawi, mwana saima mphindi 30.

Namwino wa pasukulu: Nanga oyenda pansi nawonso amamwa dizilo?

Wachiwiri kwa ahedi: Za maola awirizo chenjerani nazo. Kuno tili kumapeto a kumadzulo kwa dera loyendera nthawi ya Eastern Time, mu Januwale dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa, ndipo kumazizira kwambiri cha m'matulukiro a dzuwa momwemo. Mukasuntha basi ya 6:30 kupita 8:30 mwapindula kuwala kokha. Tsegulani zolosera za ola ndi ola, muyerekeze 6, 8 ndi 9 koloko. Ngati kusiyana kuli madigiri awiri kapena atatu, kuchedwetsa n'kudzinamiza. Komanso makolo amapita kuntchito nthawi yawo yomweyo, mwana wa giredi 1 n'kutsala yekha kuti adzitulutse.

Koma kutseka nako si kwaulere. Pali ana amene chakudya cham'mawa ndi chamasana amachidalira kusukulu, ndipo nyumba zina n'zozizira kuposa kalasi.

Mphunzitsi wa sayansi: Pepala lanulo likonzedwe ndithu. Ngati likutchula Wind Chill Warning dziwani kuti dzinalo linatha mu Okutobala 2024, pano amati Extreme Cold Warning, ndipo Wind Chill Advisory ndi Cold Weather Advisory. Malire ake amasiyana ndi dera, musakopere a ku Minnesota. Kumene kuja -19 sawopsa munthu, ngakhale pa 6 Januwale 2014 bwanamkubwa Mark Dayton anatseketsa masukulu a boma lonse chifukwa cha kuzizira.

Wachiwiri kwa ahedi: Wina afunsenso osamalira nyumba. Boiler yotenthetsa sukulu ikazima usiku mapaipi a m'makoma akunja aphulika, ndiye zokambirana zonsezi zatha zokha.

Makanika: Achimwene a ku ofesi, mabasi a dizilo wakale aja ndi angati? Ndipo aima mbali iti ya yadi, yoyang'ana kumadzulo kuja?