Zaka ziwiri zotsimikizika kapena timu yolimbirana chikho: mnyamatayu ndimulangize chiyani?

Ejenti wa osewera, Johannesburg:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo, Lachisanu ndiyenera kuyankha. Ndili ndi mnyamata wa zaka 27, point guard (wosewera woyendetsa mpira ndi kutsogolera anzake m'bwalo), akusewera basketball m'ligi yachiwiri ku Ulaya. Matimu awiri akumufuna. Yoyamba imathera pakati pa tebulo chaka ndi chaka, koma ikupereka zaka ziwiri, malipiro abwino, nyumba ndi galimoto. Yachiwiri ikulimbirana kukwera ligi yaikulu: chaka chimodzi chokha, malipiro otsikirapo ndithu, bonasi pokhapokha akakwera. Iye mtima uli ku yachiwiri. Dzulo pafoni amandiuza kuti ngakhale Jalen Brunson, katswiri wa ligi ya NBA ku America, anasiya ndalama pofuna chikho. Chikundisowetsa tulo ndi bondo lake lamanzere. Anachitidwa opaleshoni ya ACL (mtsempha wa m'bondo) zaka ziwiri zapitazo, ndipo mu April ndinamuona ndi maso angawa akutsika masitepe chammbali, dzanja lili pachitsulo, atasewera magemu atatu m'sabata imodzi. Kumudzi akumangira mayi ake nyumba, panopa yafika pa mawindo.

Kochi wopuma, Blantyre:
Mwana wanga, nkhani ya Brunson mnyamatayo waimva theka. Muuze bwino. Mu July 2024 Brunson anasaina zaka zinayi ndi New York Knicks pa $156.5 miliyoni, pomwe akanadikira chaka chimodzi akanatha kupeza pafupifupi $269 miliyoni pa zaka zisanu. Aliyense amatchula zomwe anasiyazo. Koma taonani chomwe anachita: anasaina msanga, ndalama yotsimikizika, patangopita miyezi iwiri chithyokereni dzanja pa Game 7, gemu yomaliza ndi Indiana mu ma playoffs (magemu olimbirana chikho kumapeto kwa sizoni). Sanatchove juga ndi thupi lake ayi. Ndiponso anali kale pa kontrakiti ya $104 miliyoni ya mu 2022. Munthu wotero akanena kuti chikho choyamba, kunyumba kwake moto wayaka kale.

Amene akufanana ndi mnyamata wakoyo ndi Nerlens Noel. Nayenso anavulala ACL, ali ku koleji ku Kentucky. Mu 2017 zinamveka kuti Dallas inamuyikira $70 miliyoni pa zaka zinayi, iye n'kukana, n'kutenga chaka chimodzi cha $4.1 miliyoni poganiza kuti chaka chamawa msika umukomera. Chala chachikulu chinavulala, anasewera magemu 30 okha, ndipo kenako anapita ku Oklahoma City pa malipiro otsikitsitsa a ligi. Mu 2021 anakasumira ejenti wake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo iwe monga ejenti ukumbukire kuti zikavuta chala chidzaloza iwe.

Wolemba nkhani zamasewera, Lilongwe:
A kochi, zonse mwanenazi n'zoona, koma ndisiyane nanu pang'ono. Tisamayankhule ngati kufuna kupambana ndi chibwana. Mnyamatayu ali ndi zaka 27. Akatha zaka ziwiri pa timu yomwe masikauti saiyang'ana, adzatuluka ali ndi zaka 29, ndipo ligi yaikulu sidzamuitananso. Timu ikakwera naye, dzina lake limakwera nayo. Khomo limenelo silitseguka kawiri.

Kochi wopuma, Blantyre:
Ikakwera, achimwene. Ikakwera. David West anasiya $12.6 miliyoni ku Indiana mu 2015 kukalandira pafupifupi $1.5 miliyoni ku San Antonio chifukwa cha chikho. San Antonio inawina magemu 67 sizoni imeneyo, koma Oklahoma City inaitulutsa m'ndime yachiwiri ya ma playoffs. Zikho anakazipeza ku Golden State mu 2017 ndi 2018. Iye anatha kuyesanso chifukwa anali atadya kale zaka 12 za malipiro a NBA. Wathuyu akaphonya ayesanso ndi chiyani?

Physio wa timu, Lusaka:
Abambo anga, mukukambirana ndalama musanaone bondo. Achimwene a ku Johannesburg, zomwe munaona pa masitepezo musazitaye. Munthu wotsika chammbali akuthawa kupinda bondo litasenza thupi, ndipo patatha zaka ziwiri chichitikireni opaleshoni siziyenera kutero. Mwina ndi minofu ya ntchafu yomwe sinabwerere mphamvu, zimenezo zimakonzeka. Mwinanso ndi meniscus kapena chichereŵechereŵe, ndiye nkhani ina. Mupite naye kwa dokotala wanu, osati wa timu iliyonse mwa awiriwa, akajambulidwe MRI ndi kuyezedwa mphamvu za miyendo yonse iwiri.

Chondiopsa ine pa timu yachiwiriyo si malipiro, ndi ma playoffs. Timu yofuna kukwera sipumitsa point guard wake mu May. Isaiah Thomas mu 2017 amagoletsa mapointi 28.9 pa gemu ku Boston, anasewera ma playoffs chiuno chikupweteka, mchemwali wake atangomwalira kumene. Boston inamusinthanitsa ndi Kyrie Irving wa Cleveland chaka chomwecho, ndipo mu 2018 anasaina ku Denver pa ndalama yochepetsetsa. Ndimamukumbukira nthawi zonse wosewera akandipempha kuti ndimumange bandeji n'kukhala chete.

Loya wa zamasewera, London:
Ndiwonjezere mbali yanga. Zitsanzo zonsezi ndi za NBA, komwe makontrakiti ambiri ndi otsimikizika ndipo ndalama imalowa pa tsiku lake. Ku Ulaya m'maligi apansi mawu oti "zaka ziwiri" paokha sakwanira. Achimwene, werengani pepala la timu yoyambalo mzere ndi mzere. Chaka chachiwiri n'chotsimikizika, kapena timu ili ndi ufulu womusiya mu June? Akavulala malipiro amapitirira mpaka kumapeto, kapena muli ndime yothetsa kontrakiti akakhala kunja masiku angapo? Mwalembedwa chiyani za kuvulala kwakale? Ndime imeneyo ndi yomwe angamuphere nayo bondolo likadzuka. Ndalamayo ndi yochotsa kale msonkho? Ndipo musasaine popanda ndime ya BAT, khoti la ku Geneva la FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse. Timu ikakana kulipira zomwe BAT yagamula, FIBA imatha kuiletsa kulemba osewera atsopano, n'chifukwa chake matimu amaiopa. Funsaninso anyamata omwe anasewera kumeneko sizoni yatha ngati malipiro a March ndi April analowa pa nthawi.

Tsopano mkangano wa a kochi ndi alembiwa ungathe kuthera papepala. Pemphani timu yoyambayo zaka ziwiri zotsimikizika, koma wosewera akhale ndi ufulu wochoka chaka choyamba chikatha ngati timu ya ligi yaikulu yamufuna, polipira buyout, ndalama yothetsera kontrakiti, yomwe mugwirizane lero. Atha kufuna kudulako pang'ono malipiro posinthana ndi ufuluwo. Lolani.

Wolemba nkhani zamasewera, Lilongwe:
Imeneyo ndaigwirizana nayo, bola buyout ikhale yoti timu ina ingalipiredi. Ikakwera kwambiri, khomolo ndi lojambula pakhoma.

Ejenti wa osewera, Johannesburg:
Zikomo nonse, ndabwera ndi zomwe zachitika. Loya, munalasa: m'pepala la timu yoyamba munali ndime yoti atha kumusiya akavulalanso malo akale. Ndawauza kuti aichotse, apo ayi palibe kusaina, ndipo ndaika pempho la BAT ndi ufulu wochoka uja. Ayankha kuti akambirana ndi bodi, ndawapempha kuti tsiku loyankha lifike Lachiwiri. Mnyamatayo ndinamuwerengera za Noel ndi West, anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti denga la malata lingadye zingati. MRI tapeza malo Lolemba m'mawa. Achemwali a ku Lusaka, zotsatira zikatuluka ndikutumizirani kumbali muzione musanamve maganizo a dokotala wa timu.