Mano oyikirira a amayi: tigule, kapena ndalamayi ipite ku feteleza?

Nachisale wa kwa Kasinje: Abale ndithandizeni nzeru. Amayi anga ali ndi zaka 74, mano akumbuyo onse anatha, atsala anayi akutsogolo m'munsi, awiri mwa iwo akugwedera. Nyama anasiya kalekale, chimanga chophika amangochiyang'ana. Aonda ndithu. Ku Lilongwe andiuza K380,000 kuti awapangire mano oyikirira, kumwamba ndi kumunsi. Ali ndi shuga, ndiponso dzanja lamanja silinabwererenso bwino chidwalireni sitiroko. Kodi ndi zoti munthu n'kugula zimenezi?

Jere wa pa Lizulu: Musayerekeze achemwali! Ine anandidya K150,000 mkulu wina woyenda ndi chikwama pamsika pano, ati ndi dokotala wochokera kutsidya. Anawapaka bambo anga phala lina lake lapinki m'kamwa, kenako n'kubwera ndi mano akuluakulu ngati a bulu. Akati alankhule, manowo pansi. Nkhama zonse zilonda. Foni yake mpaka lero sikupezeka. Manowo ali m'kapu pa kabati, adzukulu amaopsezana nawo.

Bigi wa ku Joni: Ife amayi tinawayikitsa omangirira m'fupa ndi tizitsulo, ku Johannesburg. Panopa kanyenya akumwetula okha. Kholo ndi limodzi, musamaumire.

Jere wa pa Lizulu: Achimwene, funso ndi la K380,000, osati la tikiti ya ndege.

Mai a Tadala: K380,000 akuberani. Apongozi anga anapangitsa pa K90,000 basi.

Ankolo Dedza Boma: Chaka chiti mayi? Zipangizo zonse zimachokera kunja. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 palibe chimene chinatsala pa mtengo wakale. Mnzanga amuuza K500,000 posachedwapa.

Mai a Tadala: Anali a kumwamba okha, mano atatu.

Ankolo Dedza Boma: Kkkk ndiye mukuti akuberani bwanji?

Wa Mano: Achemwali, ntchito yanga ndi yomweyi. Musayambe ndi mtengo, yambani ndi kupita nawo ku chipinda cha mano pa chipatala cha boma pa Ntcheu akawaone. Shuga akakwera nkhama zimatupa ndipo bala limachedwa kupola, ndiye ayambe ayezedwa asanazule ogwederawo. Munenenso mankhwala onse amene akumwa, makamaka ngati anawapatsa asipirini kapena ena osungunula magazi chifukwa cha sitiroko. Musawasiyitse nokha. Awiri olimbawo musalole kuti azulidwe chisawawa, ndi amene angagwirize mano akumunsi. Akumwamba amamatirira okha, koma akumunsi lilime limawakankha, ndi amene amavuta agogo ambiri. Akazula, dikirani miyezi iwiri kapena itatu nkhama zikhazikike. Mukathamanga, fupa limapitiriza kuphwa ndipo manowo amayamba kukhwepa. Za a Jerezo mwina zinayambira pamenepo.

Jere wa pa Lizulu: Ayi, zinayambira pa wakuba.

Wa Mano: Funso lalikulu ndi ili: adzawatsuka ndani? Amafunika kuvula usiku uliwonse, kuwakwecha ndi mswachi ndi sopo pamwamba pa beseni la madzi kuti akapulumuka asasweke, n'kuwaviika m'madzi ozizira. Madzi otentha amawapinda. Ndi dzanja limodzi zimenezi n'zovuta. Wa shuga akamagona nawo osatsuka, m'kamwa mumatuluka zoyerayera zowawa. Ndipo ngati amatsamwa pomeza, muwauze adokotala asanayambe n'komwe.

Gogo Nangozo: Anthu inu mwaiwala mtondo? Amayi anga anafika zaka zambiri opanda dzino ndi limodzi lomwe. Nyama tinkaphika ipse bwinobwino n'kuisinja m'kamtondo. Chipere, futali, kachewere wa ku Tsangano wophwanyaphwanya, usipa wosinja m'phala. Ndalamayo gulani feteleza mwanawe, ina muwagulire mazira ndi mkaka.

Wa Mano: Zoona agogo, koma futali ndi kachewere kwa wa shuga zikhale pang'ono.

Nachisale wa kwa Kasinje: Kudya kokha ayi agogo. Anasiya kuyimba ku Mvano, akuti anthu amawayang'ana pakamwa. Akamaseka amatseka ndi chitenje.

Mai a Tadala: Ayi pamenepo gulani. Apongozi anga podya amavula, koma ku tchalitchi sapita opanda manowo.

Bigi wa ku Joni: Ndanena kale ine, omangirira m'fupa savula.

Ankolo Dedza Boma: Vuto madokotala a mano alipo ochepa. Sukulu yawo inangoyamba mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre, kale onse ankakaphunzira kunja. N'chifukwa chake a zikwama akulemera.

Aise wa pa Mphate: A Jere, ali pa kabatiwo simungagulitse? K20,000 ndili nayo, agogo anga akufuna.

Wa Mano: Chonde musatero. Amapangidwa poyeza m'kamwa mwa munthu mmodzi, mwa wina sangalowe.

Jere wa pa Lizulu: Mwa mwini wakeyo sanalowenso. K30,000 tengani aise.

Nachisale wa kwa Kasinje: A Wa Mano, kupanga akumwamba okha kaye zingatheke? Ndiye ingakhale zingati?

Ankolo Dedza Boma: Mwatchula feteleza, Urea ali pa bwanji ku Ntcheuko? Kuno akwezanso.