Za mankhwala a khansa ophatikiza

Ndinafunsa chifukwa chake achemwali anga, omwe ali ndi khansa ya lymphoma yofalikira msanga, akulandira mankhwala asanu pamodzi. Adokotala atifotokozera tsopano. Mankhwala aliwonse amapha maselo a khansa m'njira yakeyake, ndiye selo lomwe lapulumuka kwa ena limaphedwa ndi enawo. Kuphatikiza kumeneku amakutcha R-CHOP: rituximab, cyclophosphamide, doxorubicin, vincristine ndi prednisone, pa masiku 21 aliwonse, maulendo 6. Asanayambe anawayeza mtima, poti doxorubicin amatha kuufooketsa.

Chondidetsa nkhawa ndi sabata yachiwiri akalandira mankhwalawa, pamene maselo oyera a m'magazi, omwe amateteza thupi ku matenda, amatsika kwambiri. Thupi likatentha kufika madigiri 38, tiyenera kuthamangira kuchipatala ngakhale usiku, osadikira kuti kuche. Dzanzi la m'zala, lobwera ndi vincristine, layamba kale, ndipo adokotala tawadziwitsa.